Mzere Woyamba wa pa Kapinga

Agogo anga aamuna ndikawakumbukira, chimene chimayamba kundifika ndi fungo la dizilo ndi girizi, losakanikirana ndi utsi wa mbaula imene mayi ankayatsa panja magetsi akazima ku Highfield. Fungo limeneli silinkachoka pa ovolosi yawo yabuluu ngakhale mayi aichape ndi sopo wamtanda mpaka manja kusupuka, chonsecho pa nthawiyo agogo anali atatha zaka zambiri osakwera thirakitala. Chimene anatsala nacho ndi kiyi yekha, womangirira ku chingwe cha nsapato m'khosi, pansi pa malaya. M'mawa uliwonse, makombi opita ku tauni akayamba kuliza mahutala cha ku Machipisa, ankakhala pa kreti pakhomo n'kutulutsa kiyiyo, n'kumamupukuta ndi kansalu pang'onopang'ono, ngati kuti pali munthu amene abwere kudzawaitana kuti akalime.

Anali aChisale, a ku Dedza. Anabwera kuno ali mnyamata n'kuyendetsa thirakitala pa famu ina kunja kwa Harare, mpaka pamene famuyo inasintha manja, anthu a pakomboni n'kubalalika. Ine ndinakulira kudziko lakwathu, kumudzi kwa achibale a bambo anga, ndipo sukulu ndinayambira komweko. Mayi ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri kuti ndidzakhale nawo m'zipinda ziwiri zimene ankachita lendi kuseri kwa nyumba ya anthu ena. Chishona sindinkachidziwa. Ndikaphonya liwu, ana a mumsewu ankandiseka kuti Mubhurandaya, dzina lonyozera anthu ochokera kwathu, choncho ndinazolowera kukhala chete. Komanso kumudzi anatiphunzitsa kuti munthu wamkulu akanena chinthu, mwana wabwino amachita, safunsa kawiri, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuti anthu azinditcha mwana wabwino.

Dzina langa ndine Enelesi, dzina la agogo aakazi, amene anamwalira mayi ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Chifukwa cha dzinali, agogo ankandiseleula tsiku ndi tsiku.

"Akazi anga, madzi osamba aja afunda, kapena mwandikana ukwati?"

Ine ndinkangobisa nkhope m'manja. Pakhomo pathu panalibe chithunzi cha agogo aakaziwo, ndipo ndikafunsa kumene anaikidwa, mayi ankangoti "kufamu", n'kupitiriza kusanja tomato wawo mu beseni.

Agogo sankadziwa kuwerenga mapepala, koma udzu ankauwerenga. Tikamadutsa pa Gwanzura popita ku tchalitchi, ankaima pa geti n'kusuzumira bwalo la mpira, n'kumandiuza kuti apo pabiriwirapo pali paipi yodontha pansi, apo pafiirapo anakwirirapo njerwa. "Munthu amanama, pepala limanama," ankatero, "koma udzu sunama."

Chaka chimenecho, titangotsekera sukulu mu Disembala, pakhomo panaima galimoto yoyera. Munatuluka mayi wina wonenepa bwino, wovala magalasi, amene anthu ankawatcha Mai Tino. Anali atagula chigawo cha famu imene agogo ankagwirako, n'kupasandutsa malo ochitira maukwati, ndipo anali atadzala kapinga pa bwalo lalikulu kuposa mabwalo awiri a mpira. Anamva ku tchalitchi kuti ku Highfield kuli mkulu wina amene amaidziwa nthaka imeneyo. Analankhula Chishona, agogo n'kumawayankha m'Chishona chawo cha pafamu, ndipo ine ndinkatola apa ndi apo, zotsalazo agogo n'kumandimasulira.

"Sekuru, kapinga wanga akundichititsa manyazi," anatero, akuwatcha agogo m'Chishona. "Ndi wachikasu, ndiye pakona ina pali mawanga obiriwira kwambiri, ngati nsalu yazigamba. Pa zithunzi za akwati zikuoneka zoipa. Ndagula kathirakitala kakale, koma sindikudziwa chomwazira feteleza chimene ndigule, kapena feteleza wake. Ndikufuna bwalo lonse likhale mtundu umodzi."

Agogo anati sangasankhe kanthu asanaone nthaka, ndipo anandiuza kuti ndivale nsapato, ndikawawerengere zolembedwa.

Tinafika dzuwa lili pamutu. Komboni inali itagumulidwa kalekale, ndipo pamene panali shedi ya fodya panali holo yopaka penti yoyera. Tinayenda pa kapingayo mpaka kumapeto, kufupi ndi thanki ya madzi, ndipo ndinazindikira kuti njiwa zimene zinkalira m'mitengo ya ku geti kuno sizinkamveka, ngakhale ziwala zimene zinkatuluka m'mapazi mwathu poyamba zinali zitasiya. Mawangawo anali pamenepo. Sanali obulungira ngati pamene pataikira manyowa. Anali aataliatali, utali wa munthu, atandanda m'mizere, onse ataloza mbali imodzi, ndipo pakati pa aakuluwo panali ena aafupi kwambiri. Udzu wake unali wobiriwira mpaka kuderako, wonenepa, ndipo ngakhale kunalibe mphepo, ndinaona ngati ukugwedezeka pang'ono. Agogo anavula chipewa. Ine, pofuna kuthandiza, ndinatambasula dzanja n'kuyamba kuwerenga mawangawo, koma anandigwira dzanjalo n'kulitsitsa mwamphamvu.

"Anthu sawerengedwa ndi chala," anatero chapansipansi.

Foni ya Mai Tino inalira, iwo n'kupita cha ku holo, ndipo agogo anandifotokozera osandiyang'ana. Pamenepo panali manda a anthu a pakomboni. Kale panali mitengo ya masuku, ndi miyala, ndi mbale zobooledwa pa mitumbira, koma anthu atabalalika panadutsa buludoza n'kusalaza zonse. Agogo anabwerako kawiri kudzafuna manda a akazi awo, osapeza ngakhale chitsa chowalondolera, mpaka anasiya. Tsopano udzu unali utawaonetsa. Analoza ndi mlomo mzere wachiwiri.

"Wachitatu kuchokera ku thanki ndi mnzako wa dzina. Kakafupi kali pambali pawoko ndi mlongo wa amayi ako, sanafike n'kokwawa komwe. Tikathira feteleza ponseponse, udzu wapakatiwu udzafanana ndi wa pamwamba pawo, ndiye adzasowanso. Ulendo uno sadzaonekanso."

"Bwanji osawauza amayiwa?" ndinafunsa.

"Ndani angakwatire pamanda? Akamva, mawa pabwera simenti, kapena zokumbira. Ifetu tili moyo zitupa zinkativuta. Nanga awa, ndani angawalembere pepala loti ali pano?"

Tisanachoke anakayang'ana thirakitala ija. Inali yaing'ono, yofiira mosuluka, yamtundu womwewo umene ankayendetsa kale. Anaisisita pa boneti ngati ng'ombe, n'kundiuza kuti ndiwawerengere manambala a pa kachitsulo ka pambali pa injini. Kenaka anatapa dothi pang'ono, n'kulilawa, n'kulavula. Anauza Mai Tino kuti nthakayo ndi yowawasa, ndipo ikufuna laimu feteleza asanabwere.

M'mawa mwake tinapita ku Msasa, m'sitolo yaikulu ya zipangizo za ulimi, monunkha penti ndi matayala atsopano. Anatilandira mnyamata wovala ovolosi yosita bwino, amene anatitengera molunjika ku chomwazira chatsopano, chooneka ngati fanelo yaikulu, chokhala ndi mbale yozungulira pansi pake. Anati chimakolekedwa kumbuyo kwa thirakitala, shafuti n'kumazunguza mbaleyo, ndipo feteleza amauluka kutali mbali zonse ziwiri.

"Mudhara, ichi chimamaliza bwalo lonse tiyi wanu asanazizire," anatero.

"Tiyi wanga ndimamwa wozizira, mwanawe," anayankha agogo. "Chikamamwaza chimadziwa kuti apa ndi maluwa, apo ndi dziwe la nsomba? Mphepo ikaomba chimaimva? Ndiponso kathirakitala kathu n'kopepuka kutsogolo. Mukadzaza chifanelo chanuchi matumba asanu, kadzaimirira ndi miyendo yakumbuyo ngati mbuzi yofuna masamba."

Mai Tino anaseka mpaka kuvula magalasi. Agogo anayendayenda m'sitolomo mpaka kumbuyo, kumene anapeza chomwazira china chitakutidwa ndi fumbi. Chinali bokosi lalitali lachitsulo, la matayala awiri, lochita kukokedwa, lokhala ndi timabowo tondandana pansi pake ndi handulo kumbuyo. Ukakankha handuloyo timabowo timatseguka, ukaikoka timatsekeka, ndipo feteleza amagwera pansi pomwepo pamene bokosi ladutsa, osapitirira ngakhale phazi limodzi.

"Icho n'chamakedzana," anatero mnyamatayo. "Agogo anga ndiwo ankagwiritsa ntchito zimenezo."

"Ndiye agogo akowo ndi ine. Ndabwera kudzachitenga."

Anafotokozera Mai Tino kuti laimu ndi waufa, pa mbale yozungulira amangosanduka mtambo n'kupita kwa aneba, koma m'bokosi amatsika bwinobwino. Zonse zimene ananena zinali zoona, ndipo Mai Tino anavomera. Ine ndekha ndinkadziwa kuti chimene agogo ankafuna pa bokosilo ndi handulo ija. Ndinaima pambali ndikuopa kuti mnyamatayo aona pankhope panga kuti tikubisa kanthu.

Posankha matumba anatenga nthawi. Ndinkawawerengera zolembedwa, iwo n'kumapisa dzanja m'thumba lotsegula, kufikisa laimu pakati pa zala kuti amve ngati ndi wosalala ndi wouma. Anasankhanso kompaundi wolimbitsa mizu, woti adzathiridwe pakapita milungu ingapo, ndi AN pang'ono wobiriwiritsa, woti azithiridwa mvula ikakhazikika, osati dzuwa likuswa mtengo, chifukwa amawotcha udzu. Anachenjeza kuti laimu ndi AN asadzathiridwe tsiku limodzi. "Amenewa sadyera mbale imodzi," anatero.

Madzulo amenewo anauza mayi zimene tinaona. Mayi anakhala pansi pa simenti, beseni la tomato lili pamiyendo. Kenaka agogo anandiyala dongosolo. Thirakitala idzadutsa ponseponse, kuti Mai Tino aone kuti bwalo lonse lathiridwa. Ine ndidzayenda kumbuyo nditagwira handulo. Akadzakweza chipewa, nditseke. Akadzachibwezera kumutu, nditsegule.

"Ndipo umvetsetse, Enelesi," anatero, osanditcha akazi awo ulendo uno. "Laimuyu ndi woyera ngati ufa. Kwathu ufa suthiridwa pamanda mwachisawawa. Ukathira ndiye kuti waitana, ndipo woitanidwa amadzuka kudzamva chimene wamuitanira."

"Bambo, inu ndinu mkulu wa mpingo," anatero mayi.

"Mkulu wa mpingo alibe akufa ake?"

Tsiku la ntchito kunacha bwino, kopanda mphepo, udzu utauma mame. Anyamata awiri osamalira maluwa anatithandiza kudzaza bokosi. Agogo anayala thumba pansi n'kudutsitsapo bokosilo, anaona mmene laimu wagwera, anachepetsa timabowo pang'ono, n'kuyesanso mpaka anakhutira. Anandimanga kansalu pamphuno. Atakwera pa thirakitala msana wawo unawongoka, ndipo nkhope yawo inali ina, yoti sindinaionepo ku Highfield. Tinayambira ku geti, kupita ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera, kumbuyo kwathu kapinga akusanduka woyera ngati kwagwa chisanu. Mai Tino ankayenda chapambali atafunda ambulera, akuyang'anitsitsa.

Tinafika ku mzere woyamba wa mawanga dzuwa litakwera. Chipewa chinakwera m'mwamba, ine n'kukoka handulo. Tinayenda mapazi atatu kapena anayi popanda chogwa.

"Iwe musikana!" anakuwa Mai Tino, akuthamangira kwa ine. "Vhura!"

Liwu limenelo ndinkalidziwa, ankatanthauza kuti nditsegule. Ndinayang'ana agogo, koma injini inkasokosa, ndipo khosi lawo linali louma, silinkatembenuka. Ndinaona kuti njira yokhayo ndi kunena zoona, ngakhale agogo anandiletsa, koma liwu la Chishona sindinkalidziwa. Ndinatsitsa kansalu kaja n'kunena m'chinenero chathu.

"Amayi, apa ndi manda."

"Ehe, waimbova munda," anayankha mosataya nthawi, kutanthauza kuti inde, kale unali munda. "Ndiye chifukwa chake tikuthira. Vhura, mwanangu, vhura!"

Ine ndinati manda, iwo anamva munda. Ndikanatha kubwereza, kapena kuthamangira kutsogolo n'kukakoka agogo mwendo. Koma munthu wamkulu anali atanena kawiri, akundiyang'ana m'maso, atanditchanso mwana wake. Ndinakankha handulo.

Laimu anatsika mwakachetechete, wosalala, n'kumaphimba mawangawo limodzilimodzi, lalitali, lalitali, lalifupi, lalitali. Chipewa cha agogo chinali chikadali m'mwamba. Ndinkayenda pamwamba pa zoyerazo ndikumva ngati nthaka yafewa kunsi kwa nsapato zanga, ndipo fumbi limene linkatuluka pansi pa bokosi silinkabalalika ngati kwina kuja, linkangoima m'malere kufika m'chiuno mwanga, pamwamba pa banga lililonse.

Titafika kumapeto, agogo anakhotetsa thirakitala kuti ilowe mzere wachiwiri. Matayala akutsogolo atangotsala pang'ono kuponda udzu wobiriwirawo, injini inazima. Sinatsokomole kapena kunjenjemera monga imachitira dizilo akatha. Inangoleka, ndipo bwalo lonse linati zii, moti ndinkamva madzi akudontha ku thanki.

Agogo anaona mzere woyambawo uli mbuu. Anatsika pang'onopang'ono. Sanandikalipire, sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chikwapu. Anavula nsapato, anaika chipewa pa tayala, n'kupita kumene mzerewo unayambira. Anagwada n'kuomba m'manja katatu, mofatsa.

"Pepani, aMbewe a ku Ntcheu. Si ufa uwu, ndi laimu. Palibe chimene takuitanirani. Mwana walakwitsa. Gonani."

Anasunthira pa banga lachiwiri. "Pepani, aJuma a ku Mangochi. Ndine Chisale wa thirakitala. Gonani." Anapitiriza choncho, akukwawa ndi mawondo, ovolosi ikuyera, kutchula munthu aliyense ndi kwawo: Nabanda amene ankaphika mowa wamasese, aZuze a ku Tete, mwana wa aforomani amene anagwera m'dibi la ng'ombe. Sanakaike pa dzina ngakhale limodzi. Anyamata a maluwa aja anali atasiya matumba n'kuyandikira, ndipo Mai Tino anatsitsa ambulera.

Atamaliza mzere woyamba analowa wachiwiri, ngakhale unalibe laimu, chifukwa anati phokoso lawadzutsa onse. Pa banga lachitatu anaima nthawi yaitali. Kenaka anaitana ndi mawu amene ankandiitanira m'mawa uliwonse.

"Enelesi."

"Wawa," ndinayankha.

Linangotuluka lokha, mwachizolowezi. Koma pakamwa panga panali patauma ndi laimu, ndipo mawuwo anamveka okhuthala, a munthu wamkulu, moti ngakhale ine mwini sindinawazindikire. Agogo anadzidzimuka, mapewa awo n'kugwedezeka, koma sanatembenuke kuti aone amene wayankha. Mmodzi wa anyamata aja anathawa mpaka ku geti osacheuka.

"Akuchita chiyani mkuluyu?" anafunsa Mai Tino.

Mnyamata wotsalayo anayankha ndi liwu limodzi. "Makuva."

Ndi tsiku limenelo pamene ndinaphunzira liwu la Chishona la manda. Mai Tino anayang'ana mawangawo ngati akuwaona koyamba, kuchokera ku thanki mpaka ku mpanda, ndipo anabwerera m'mbuyo mpaka anachoka pa udzu wobiriwira umene anapondapo.

"Maiwe! Bwanji simunandiuze?"

"Ndinanena, amayi," ndinatero ndikulira.

"Iwe unati munda."

"Ndinati manda."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe, n'kukhala pansi pa thumba la laimu ndi diresi lawo labwinolo. Anati Loweruka lotsatira Khirisimasi kunali ukwati, ndipo tenti imayenera kuima pomwepo. Agogo anabwera n'kuima patsogolo pawo, opanda nsapato, manja ali kumbuyo. Sanapemphe zambiri. Anati sakufuna mitanda kapena miyala, akungopempha kuti kona imeneyo isamathiridwe kanthu ndipo isakumbidwe, kuti udzu uzinena wokha. Mai Tino anavula magalasi n'kuwapukuta.

"Amayi anga nawonso ali pa famu ina ku Chegutu," anatero pamapeto pake. "Sindidziwa amene akulima pamwamba pawo. Tenti ndiisuntha, Sekuru. Koma pasamveke kanthu kunja kwa geti ili. Alendo anga akamva, malo ano atha."

Agogo anaomba m'manja. Atabwerera pa thirakitala, kiyi wa Mai Tino anangozungulira, injini osayankha. Anayesa katatu. Kenaka anapisa dzanja m'malaya, anavula chingwe cha nsapato chija, n'kulowetsa kiyi wawo wakale, ndipo inalira nthawi yomweyo. Anaibweza chambuyo, n'kuzungulira kona yonseyo patali. M'kombi pobwerera anandiuza kuti thirakitala zakale za mtundu umenewo kiyi wake ndi mmodzi, ndipo mwina m'dizilo munali zinyalala. Ananena zimenezi akuyang'ana pawindo. Titatsika pa Machipisa anandigulira chimanga chootcha, n'kunena kuti, "Akazi anga, lero mwandiyankha kawiri." Sindinafunse chimene ankatanthauza.

Lamulungu lotsatira mayi anapita nafe. Anagwada pa banga lachitatu la mzere wachiwiri n'kumazula tiudzu tachilendo ndi zala, monga mmene munthu amachotsera zitsotso m'tsitsi la mnzake.

Agogo anasamalira kapingayo zaka zitatu, ine ndikuwagwirira handulo pa tchuthi chilichonse, ndipo bwalo linabiriwira mpaka anthu ankabwera kudzangojambulitsa. Koma laimu amagwira ntchito yake mosafulumira. Pofika mvula yachiwiri, udzu wa mzere woyamba unali utafanana wonse, ndipo anthu asanu ndi anayi amene ndinawathira aja sanaonekenso. Mayina awo ndikuwadziwa, ndi mmene anatsatirana, koma sindingathe kunena kuti aJuma athera apa, Nabanda ayambira apa.

Agogo atayamba kudwala, Mai Tino anatuma anyamata kuti adzale mpanda wa maluwa kuzungulira kona ija, kuti alendo asamapondemo. Ndinawapeza atakoka chingwe kuyambira pa mzere wachiwiri, poti ndi pamene mawanga ankayambira kuoneka. Mzere woyamba unali kunja, kumene amaika mipando. Ulendo uno ndinapita kwa Mai Tino ku holo, ndinagogoda, n'kunena m'Chishona chomveka bwino kuti panonso pali makuva, ndipo ndine ndinawafafaniza. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, kenaka anatuluka n'kukauza anyamatawo kuti asunthe chingwe mapazi atatu.

Agogo anamwalira chaka chomwecho, m'nyengo yozizira. Ankafuna kukagona pafupi ndi akazi awo, koma malamulo salola kuika munthu pamalo ngati amenewo, choncho tinawaika ku manda a khonsolo, kutali, mbali ina ya mzinda.

Lero ndine ndimayendetsa thirakitala ija. Bokosi lija lidakalipo, ndinangomangirira chingwe ku handulo kuti ndizitseka ndili pampando. Ogulitsa akabwera ndi zithunzi za zomwazira zatsopano ndimawamvetsera mwaulemu, n'kuwauza kuti tiyi wanga ndimamwa wozizira. Kiyi wa agogo ali m'khosi mwanga. Nthawi yothira laimu ikafika ndimazimitsa injini patali ndi mpanda wa maluwa, ndimavula nsapato, n'kulowa kukawauza onse mmodzimmodzi kuti zoyera zimene aone si ufa.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinauzepo Mai Tino, ngakhale mayi anga. Mvula yoyamba agogo atamwalira, ndinalowa m'konamo n'kupeza kuti mu mzere wachiwiri, pakati pa agogo aakazi ndi munthu wachiwiri kuchokera ku thanki, pamene kale panali mpata wa udzu wachikasu, pamera banga latsopano, lalitali, lobiriwira mpaka kuderako. Ndinafufuza ngati pali paipi yodontha, sindinaipeze. Ndinafunsa anyamata ngati anatayapo manyowa, anakana. Ine sukulu yanga ndi yochepa, ndipo sindikufuna kunena zinthu zimene sindingathe kuzitsimikiza. Chimene ndimachita n'chakuti ndikafika pamenepo ndimagwada, ndimaomba m'manja katatu, n'kunena kuti, "Pepani, aChisale a ku Dedza. Ndine Enelesi wa thirakitala. Handulo ndatseka. Gonani."